Mbiri ya a Max Perutz, Mlendo Amene Adaulula Ntchito ya Chitsulo cha M'magazi

Tikamakumbukira anthu amene adatsogola, kawirikawiri timasimba za anthu oyera, za amishonale ndi za abusa a Mpingo. Ulendo uno tikuyalirani mbiri ya katswiri wa sayansi, a Max Ferdinand Perutz, amene adabatizidwa mu Mpingo wa Katolika mumzinda wa Vienna ku Austria, adasanduka othawa kwawo kaamba ka nkhanza za ulamuliro wa Adolf Hitler, ndipo adathera zaka zoposa 50 akufufuza kanthu kamodzi ka m'magazi mwathu kotchedwa hemoglobin. M'chaka cha 1981 Papa John Paul II adawasankha kukhala membala wa bungwe la Apapa la akatswiri a sayansi, la Pontifical Academy of Sciences.

Dzina loti hemoglobin ndi lachilendo, koma ntchito yake timakumana nayo tsiku ndi tsiku. Mayi woyembekezera akapita kusikelo nauzidwa kuti magazi ake achepa, chimene achipatala ayeza ndi hemoglobin. Mwana akadwala malungo mpaka zikhatho ndi m'zikope mwake kuyera, chimene chaperewera ndi hemoglobin yomweyo. Ndiyo imapatsa magazi mtundu wofiira, ndiyonso imatenga mpweya wa okosijeni m'mapapo n'kukautula m'ziwalo zonse za thupi. Pakatikati pake pali chitsulo chenicheni cha mtundu wa ayironi, chomwe chija amisiri amasulira makasu ndi nkhwangwa. Funso limene a Perutz adalimbana nalo moyo wawo wonse ndi ili: kodi chitsulo chimenechi chimagwira bwanji mpweya ndi kuumasulanso popanda kuchita dzimbiri? Tikukhulupirira kuti akatekisiti ndi atsogoleri a m'Miphakati, amene amayendera odwala ndi kulangiza mabanja, apezamo zowathandiza.

Ubwana ndi maphunziro awo

A Perutz adabadwa pa 19 Meyi 1914, kutatsala miyezi iwiri ndi masiku owerengeka kuti Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse iyambe. Makolo awo adali a mtundu wa Ayuda, eni mafakitale oomba nsalu, ndipo adapereka mwana wawoyo ku ubatizo wa Chikatolika. Adaphunzira pa Theresianum, sukulu yotchuka ya mu Vienna imene Mfumukazi Maria Theresa idakhazikitsa m'chaka cha 1746. Makolowo ankafuna kuti mnyamatayo aphunzire za malamulo kuti adzathandize pa malonda a banja, koma mphunzitsi wina wa pasukulupo adamukopa mtima ndi phunziro la kemisitiri, lomwe limafufuza zimene zimapanga chinthu chilichonse ndi mmene zinthu zimasinthira zikasakanizana. Mu 1932 adalowa Yunivesite ya Vienna, ndipo patchuthi ankakonda kukwera mapiri a Alps.

Mu 1936 adapita ku Cambridge m'dziko la England kukapitiriza maphunziro pa Cavendish Laboratory, pansi pa a J. D. Bernal. Iwowa ankagwiritsa ntchito kuwala kwa X-ray, komwe kuja achipatala amaunikira mafupa, pofuna kudziwa mmene maatomu, tizidutswa tochepetsetsa ta chinthu, adayalidwira. Chinthu chofufuzidwacho amayamba achiundanitsa kukhala timiyala tosalala tonga ta mchere. Kuwala kukapyoza kamwalako kumamwazika n'kusiya timadontho pa filimu, ndipo kuchokera pa timadonthoto katswiri amawerengetsera pamene pali atomu iliyonse.

Mu 1937, akucheza ku Prague, a Felix Haurowitz, amene adakwatira msuweni wawo ndipo adali katswiri wa za magazi, adawalangiza kuti afufuze hemoglobin. Atabwerera ku Cambridge, a Gilbert Adair adawapatsa timiyala ta hemoglobin ya m'magazi a hatchi, ntchito n'kuyambika. Panthawiyo njira ya X-ray idali itangomasulira zinthu za maatomu osafika ngakhale 100, pamene hemoglobin ili ndi zikwizikwi. Ambiri ankaona ngati mnyamatayo wasenza katundu wosatheka.

Chimene chili m'kati mwa hemoglobin

Zoti m'magazi muli chitsulo zidadziwika kale ndithu. M'zaka za m'ma 1740, mumzinda wa Bologna ku Italy, umene panthawiyo udali pansi pa ulamuliro wa Papa, dotolo wina, a Vincenzo Menghini, adaotcha magazi mpaka kusanduka phulusa, nasendeza mpeni wa maginito pa phulusalo, ndipo timibulu tina tidakakamira kumpeniko. Adaonetsanso kuti chitsulocho chimakhala makamaka m'gawo lofiira la magazi. Ntchitoyi idachitikira m'bungwe la sayansi la mumzindawo, limene Papa Benedict XIV, mbadwa ya ku Bologna komweko, ankalisamalira ndi kulithandiza ndi chuma. Mu 1864 a Felix Hoppe-Seyler a ku Germany adapereka dzina loti hemoglobin, ndipo mu 1929 a Hans Fischer, a ku Germany komweko, adakwanitsa kupanga m'labotale kachigawo kofiira kamene kamasunga chitsulocho. Kachigawo kameneka kamatchedwa heme.

Lero mapangidwe onse tikuwadziwa motere. Molekyu imodzi ya hemoglobin, ndiye kuti kambewu kamodzi kathunthu, ili ndi maatomu pafupifupi 10,000. Ochuluka mwa iwo ndi a kaboni, haidrojeni, naitrojeni ndi okosijeni, kuphatikizapo a sulufule owerengeka. Maatomuwa adalumikizana kukhala timikanda totchedwa amino acid, timene thupi limamangira mapuloteni ake onse, ndipo timikandato tidatungidwa pa zingwe monga mikanda ya Kolona. Zingwezo ndi zinayi: ziwiri zotchedwa alpha, chilichonse cha timikanda 141, ndi ziwiri zotchedwa beta, chilichonse cha timikanda 146. Tonse pamodzi ndi 574. Chingwe chilichonse chidapindikapindika n'kusiya kathumba, ndipo m'kathumbamo mumakhala heme imodzi.

Heme ndi mphete yafulati yokhala ndi maatomu 34 a kaboni, 32 a haidrojeni, 4 a naitrojeni ndi 4 a okosijeni, ndipo pakatikati pake pali atomu imodzi ya ayironi. Choncho mwa maatomu 10,000 aja, a chitsulo ndi anayi okha, ndipo tikayeza kulemera, chitsulo ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 300. Selo lofiira limodzi la magazi limasunga mamolekyu otere pafupifupi 270 miliyoni. M'thupi lonse la munthu wamkulu muli ayironi wolemera magalamu 3 kapena 4, ngati msomali waung'ono, ndipo magawo awiri mwa atatu a ayironi ameneyu ali mu hemoglobin. Komabe pakadapanda iyeyu magazi athu akadanyamula gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 70 a mpweya umene amanyamula, ndipo palibe mmodzi wa ife akadakhala ndi moyo. Zolengedwa zina zidapatsidwa zitsulo zina: nkhanu zili ndi mkuwa m'magazi mwake, n'chifukwa chake magazi ake amabiriwira, ndipo masamba a zomera ali ndi mphete yofanana ndi heme koma pakati pake pali magnesium.

Pamene a Perutz ankayamba ntchito, akatswiri ankadziwa kuti maatomu a chitsulo ndi anayi, koma sankadziwa pamene amakhala, chimene chimawagwirizira, ngakhale mmene amagwirira ntchito.

Chiphunzitso chonama cha magazi

Mu Malichi 1938 Hitler adalanda dziko la Austria. Chipani cha Nazi chinkaphunzitsa kuti mtundu wawo uli ndi magazi oyera oposa a mitundu ina, ndipo malamulo ake ankaweruza munthu potengera makolo ake. Ubatizo sunkateteza aliyense wochokera kubanja la Chiyuda. Chuma cha banja la a Perutz chidalandidwa, makolo awo adathawira ku Switzerland, ndipo mu 1939 mwana wawoyo adawabweretsa ku England ali manjamanja.

Chaka chimodzi izi zisadachitike, mu Malichi 1937, Papa Pius XI adali atalemba kalata yotchedwa Mit brennender Sorge yodzudzula mchitidwe wokweza mtundu wa anthu ngati mulungu. Tiyenera kunenanso kuti si abusa onse amene adaima nji kuyambira pachiyambi. Kadinala Theodor Innitzer wa ku Vienna adayamba walandira ulamuliro watsopanowo, mpaka adaitanidwa ku Rome kukadzudzulidwa. Pambuyo pake adasintha, ndipo mu 1940 adatsegula ofesi yothandiza Akatolika a mtundu wa Chiyuda amene ankazunzidwa.

N'zochititsa chidwi kuti m'zaka zomwezo zimene anthu ankaphedwa m'dzina la magazi oyera, mmodzi mwa osalidwawo adali pakalikiliki kufufuza magazi enieniwo. Sayansi ya hemoglobin yaonetsa kuti zingwe zinayi zija ndi maatomu anayi aja a chitsulo ndi chuma cha anthu onse, akuda ndi oyera, Ayuda ndi a mitundu ina. Kusiyana kumene kumapezeka mwa anthu ena ndi kwa kamkanda apa ndi apo, ndipo sikukweza kapena kutsitsa mtundu uliwonse.

Atasowa thandizo la kwawo, a Perutz adapulumukira kwa a Lawrence Bragg, mkulu watsopano wa Cavendish, amene adachita chidwi ndi zithunzi zawo nawapezera ndalama ku bungwe la Rockefeller Foundation kuyambira mu Janyuwale 1939. Mu 1940 adalandira digiri ya PhD. Koma mu Meyi chaka chomwecho boma la Britain, poopa akazitape, lidagwira anthu ambiri ochokera ku Germany ndi ku Austria, ngakhale amene adathawa Hitler yemweyo. A Perutz adatsekeredwa ku Huyton pafupi ndi Liverpool, kenaka pa chilumba cha Isle of Man, mpaka adatumizidwa pa sitima ya pamadzi ku Canada. Sitima ina yonyamula akaidi otere, Arandora Star, idamizidwa pa 2 Julayi 1940 ndipo anthu pafupifupi 800 adafera m'nyanja. Kumsasa wa ku Canada a Perutz adasonkhanitsa akaidi anzawo ophunzira nakonza sukulu yoti aziphunzitsana masamu, sayansi ndi zilankhulo. Adamasulidwa n'kubwerera ku Cambridge mu Janyuwale 1941. Mu 1942 adamanga banja ndi mayi wina amenenso adathawa ku Germany, ndipo adadalitsidwa ndi ana awiri. Chifukwa chodziwa za madzi oundana a m'mapiri, boma lomwe lija lidawatsekera lidawaitana kuti athandize kufufuza ngati n'kotheka kumanga bwalo la ndege loyandama panyanja ndi madzi oundana osakaniza ndi utuchi. Ntchito imeneyi idalekezedwa panjira.

Zaka 22 za kudekha

Nkhondo itatha adabwerera ku hemoglobin. Mu 1947 bungwe la boma loona za kafukufuku wa zaumoyo, la Medical Research Council, lidakhazikitsa kagulu kofufuza mapangidwe a zinthu zamoyo, ka anthu awiri okha: a Perutz ndi a John Kendrew. A Kendrew adasankha myoglobin, puloteni ya chingwe chimodzi ndi heme imodzi imene imasunga mpweya m'minofu.

Vuto lalikulu lidali lakuti timadontho ta pa filimu timangoonetsa mphamvu ya kuwala kulikonse komwazikako, osaonetsa kuti funde lina latsogola kapena latsalira motani poyerekeza ndi linzake. Tiyerekeze munthu amene wauzidwa kukula kwa liwu la ng'oma iliyonse ya pabwalo, koma osauzidwa nthawi imene iliyonse imalira. Ameneyo sangadziwe ngati gule wake ndi chimtali kapena mganda. Kwa zaka zambiri a Perutz ankayeza timadontho zikwizikwi ndi maso, koma chithunzi cha hemoglobin chimene adapereka m'zaka za m'ma 1940 chidapezeka cholakwika. Amene adaonetsa poyera kuti njira zawo sizikadafika patali adali wophunzira wawo yemwe, a Francis Crick. A Perutz adamva chidzudzulocho, namusunga wophunzirayo pagulu lawo, nayamba kufunafuna njira ina.

Njirayo idapezeka mu 1953. Adamatiza maatomu a mercury, chitsulo cholemera chamadzimadzi chimene chinkakhala m'zoyezera kutentha kwa thupi, pamalo odziwika a hemoglobin, popanda kusokoneza kayalidwe ka timiyala tija. Atajambulanso adapeza kuti mphamvu ya timadontho yasintha, ndipo poyerekeza zithunzi ziwirizo adatha kuwerengetsera chimene chinkasowa chija. Mercury idakhala ngati chikhomo chimene woyeza malo amakhoma kuti ayambirepo miyeso yake yonse. Njira imeneyi ndiyo idatsegula khomo loonera mapangidwe a mapuloteni ambirimbiri pambuyo pake.

Padapitanso zaka zisanu ndi chimodzi. A Kendrew adatsogola ndi chithunzi cha myoglobin ya namgumi chimene chidafalitsidwa mu 1958. Mu 1959, mothandizidwa ndi kompyuta ya pa yunivesite, a Perutz ndi anzawo adaona kwa nthawi yoyamba maonekedwe a hemoglobin: zingwe zinayi zokumbatirana, chilichonse chopindika mofanana ndi myoglobin, chilichonse ndi heme m'kathumba kake. Kanthuka n'kochepa kotero kuti pafunika kundandalika mamolekyu oposa 150,000 kuti akwane milimita imodzi. Kuchokera 1937 zidali zitatha zaka 22. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1962 a Perutz ndi a Kendrew adalandira mphoto ya Nobel pa kemisitiri.

Chitsulo chimene sichichita dzimbiri

Chithunzicho chidabweretsa funso latsopano. Zidali zodziwika kuti ma heme anayi aja amathandizana: mmodzi akagwira mpweya, enawo amaugwira mosavuta, ndipo mmodzi akaumasula, enawo amaumasulanso msanga. Aliyense ankayembekeza kuti akhala moyandikana, koma chithunzi chidaonetsa kuti ali motalikirana. Nanga uthenga umayenda bwanji? Ngakhale mphoto adali atalandira kale, a Perutz adapitiriza kufufuza mpaka adapereka yankho mu 1970.

Atomu ya ayironi ili ndi malo asanu ndi limodzi ogwirira. Anayi adagwidwa ndi maatomu a naitrojeni a m'mphete ya heme. Achisanu adagwidwa ndi kamkanda ka pachingwe kotchedwa histidine. Malo otsalawo ndi a mpweya. Pamene mpweya palibe, chitsulo chimakhala chotulukira pang'ono kunja kwa mphete. Mpweya ukangofika, chitsulocho chimalowa pakatikati pa mphete, mtunda wosakwana ngakhale kukula kwa atomu imodzi, ndipo polowapo chimakoka histidine uja. Histidine amakoka chingwe chake, timfundo tomangirira zingwe zinayizo timamasuka, ndipo molekyu yonse imasintha kaimidwe mwakuti ma heme otsalawo amalandira mpweya mosavuta. M'mapapo, mmene mpweya ndi wochuluka, hemoglobin imadzaza malo onse anayi ndipo magazi amafiira kwambiri. M'minofu imene ikugwira ntchito, mmene mpweya wachepa ndipo asidi wachuluka, imabwerera ku kaimidwe kake koyamba n'kutula katundu wake, magazi n'kuderako. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale pakati pa maatomu. Akatswiri ena adatsutsa maganizowa kwa zaka zambiri, koma miyeso yakuya ya pambuyo pake idatsimikiza mfundo zake zazikulu, ngakhale kuti ofufuza awonjezapo zina.

Nanga dzimbiri? Khasu likasiyidwa pamvula, chitsulo chake chimagwirana ndi okosijeni mpaka kalekale. Heme nayonso ikachotsedwa m'kathumba kake n'kuikidwa m'madzi imaonongeka msanga mwa njira yofananayo, osathanso kunyamula mpweya. Kathumba ka m'chingwe kaja kadayalidwa ndi timikanda tokana madzi, ndipo kamalola chitsulo kugwira mpweya mokwanira kuunyamula koma mosaumirira. Pang'ono pamene paonongeka tsiku lililonse, selo lofiira lili ndi zida zake zokonzera. Chitsulo chongoyendayenda pachokha m'thupi ndi poizoni, pamene chitsulo chosungidwa pamalo pake ndicho chimatipatsa mpweya.

Thupi silitaya chuma chimenechi mwachisawawa. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120. Likakalamba limaphwanyidwa m'kapamba ndi m'chiwindi, chitsulo chake n'kubwezedwa ku mafuta a m'mafupa kuti chikapangire maselo atsopano. Mphete yotsalayo imasanduka utoto wachikasu umene umatuluka kudzera mu ndulu, ndipo ukachuluka ndiwo umachititsa maso a wodwala kuoneka achikasu.

Phindu lake kwa odwala athu

M'gulu la a Perutz momwemo, mu 1956 ndi 1957, a Vernon Ingram adapeza gwero la matenda a sickle cell, amene amapinda maselo ofiira ngati chikwakwa n'kutseka timitsempha, mwana n'kumamva ululu woopsa. Pa timikanda 146 ta chingwe cha beta, kamodzi kokha, kachisanu ndi chimodzi, ndiko kadasintha: pamalo pa glutamic acid padalowa valine. Mu 1968 a Perutz pamodzi ndi a Hermann Lehmann adafotokoza mmene kusintha kotere pa malo osiyanasiyana a hemoglobin kumabweretsera matenda osiyanasiyana. Ana ambiri obadwa ndi sickle cell amabadwira mu Africa muno. Mwana amadwala pokhapokha atatengera mbewu ya matendawa kwa bambo ndi kwa mayi omwe, ndipo makolo onse awiri akakhala nayo, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana adwale. Olangiza mabanja adziwe zimenezi kuti pasakhale kulozana zala, kunamizira ufiti, kapena kuthamangitsa mayi ngati kuti vuto ndi lake yekha.

Malo achisanu ndi chimodzi aja angathenso kulandidwa. Mpweya wa carbon monoxide, umene umatuluka pa makala oyaka m'chipinda chotseka, umakakamira pa chitsulo cha heme mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Ulibe fungo ndipo suoneka. N'chifukwa chake kugona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yozizira kwaphetsa mabanja athunthu ali m'tulo.

Mwana wosabadwa ali ndi hemoglobin yakeyake, yokhala ndi zingwe za gamma m'malo mwa beta, imene imakoka mpweya mwamphamvu kuposa ya mayi wake, kuti athe kulandira mpweya kuchokera kwa mayiyo. Pa nthawi imeneyi mayi amafunika ayironi wochuluka, ndipo mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo ayenera kumwedwa monga mwa malangizo, ndi kusungidwa patali ndi ana chifukwa mwana akameza ambiri angathe kufa. Ayironi amapezeka m'nyama, m'chiwindi, m'nsomba, m'nyemba ndi m'masamba obiriwira monga bonongwe. Zipatso ngati magwafa, malalanje ndi malambe zimathandiza thupi kumuyamwa, pamene tiyi womwera pa chakudya amachepetsa kuyamwako. Koma magazi sachepa chifukwa cha chakudya chokha. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo ndi kutaya magazi pobereka zimawachepetsanso, choncho wodwala ayenera kukayezedwa kuchipatala. Ndipo popeza zipatala mpaka lero zimadalira magazi operekedwa ndi anthu, kupereka magazi ndi ntchito ya chifundo yoyenera mkhristu wathanzi.

Utsogoleri wawo ndi ubale wawo ndi Mpingo

Kagulu ka anthu awiri kaja kadakula n'kukhala Laboratory of Molecular Biology, imene idatsegulidwa mu 1962, ndipo a Perutz adaitsogolera mpaka 1979. A Crick ndi a James Watson adatulukira mapangidwe a DNA mu 1953 ali m'gulu lomweli, ndipo ntchito za pamalowa zalandira mphoto za Nobel zoposa 10. Utsogoleri wa a Perutz udali wosankha anthu aluso, kuwapezera zipangizo ndi kuwasiya agwire ntchito. Adaonetsetsa kuti pakhale chipinda chodyera chimene akatswiri otchuka, ophunzira ndi amisiri ankakhalira tebulo limodzi. Adakana ulemu woti azitchedwa Sir, ndipo aliyense ankangowaitana ndi dzina lawo loyamba. Munthu amene adalandiridwa ali mlendo adasanduka wolandira alendo a m'maiko ambiri.

Za chikhulupiriro chawo sitibisa. Atakula adasiya kutsata njira ya ubatizo wawo, ndipo pa ukalamba wawo sankadziwerengera pakati pa okhulupirira Mulungu. Komabe ankadzudzula akatswiri anzawo amene amanyoza chikhulupiriro cha anthu ena, ndipo adavomera kutumikira m'bungwe la Apapa lija. Bungweli, limene Papa Pius XI adalikhazikitsa mwatsopano mu 1936 ndipo likulu lake lili ku Casina Pio IV m'minda ya Vatican, limasankha mamembala ake poona luso ndi khalidwe lawo, mosayang'ana mtundu kapena chipembedzo. M'chaka chomwecho cha 1981 mudalowanso a Abdus Salam a ku Pakistan ndi a Thomas Odhiambo a ku Kenya, katswiri wa za tizilombo. Mpingo umachita zimenezi chifukwa umakhulupirira kuti choonadi chilichonse cha m'chilengedwe, kaya chapezedwa ndi yani, chimachokera kwa Mlengi mmodzi.

A Perutz ankalankhulira anthu ozunzidwa ndi othawa kwawo, ndipo pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001 ku America adalembera nduna yaikulu ya Britain, a Tony Blair, kuwapempha kuti asabwezere ndi nkhondo. Zaka zawo zomaliza adafufuza matenda a muubongo otchedwa Huntington's, ndipo adamaliza zolemba zawo zotsiriza kutatsala masiku ochepa kuti amwalire. Adatisiya pa 6 Febuluwale 2002 ku Cambridge atadwala khansa, ali ndi zaka 87. Phulusa lawo lidaikidwa pamodzi ndi makolo awo ku manda a Ascension Parish mumzindawo.

Zimene tikutolapo

Malembo Oyera amatiphunzitsa kuti munthu adaumbidwa ndi dothi napatsidwa mpweya wa moyo, ndipo malamulo a m'buku la Levitiko ankaletsa Aisraele kudya magazi polemekeza moyo umene uli m'menemo. Malembowa sadalembedwe kuti atiphunzitse kemisitiri. Komabe mkhristu akamva kuti chitsulo cha m'magazi mwake chidachokera m'nthaka kudzera m'nyemba ndi m'ndiwo zamasamba, ndi kuti chitsulo chomwecho ndicho chimalandira mpweya nthawi iliyonse akapuma, ali ndi chifukwa chokwanira chogwadira ndi kuthokoza.

Tikuphunziranso za alendo. Pakadapanda anthu ngati a Bragg amene adatsegulira khomo mnyamata wopanda dziko ndi wopanda ndalama, ntchito yonseyi ikadafera m'mazira. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'maparishi mwathu muli othawa kwawo, ana amasiye ndi achinyamata aluso osowa wowagwira dzanja, ndipo zimene angadzachite mawa zidalira mmene tiwalandirire lero.

Pomaliza, a Perutz adali m'bale wathu mwa ubatizo, chizindikiro chimene sichifafanizika. Za mumtima mwawo adziwa ndi Mulungu yekha, amene chifundo chake n'chachikulu kuposa kuweruza kwathu. Tiwapempherere pamodzi ndi madotolo, anamwino, oyeza magazi m'zipatala zathu ndi onse opereka magazi kuti ena akhale ndi moyo. Mzimu wawo uuse mumtendere.